Mlandu wa John Marin ndi utoto wamadzi uyenera kuzengedwanso

Mu February 1948 magazini ya ku America yotchedwa Look inasindikiza mayankho a funso limene inafunsa akuluakulu a nyumba zosungiramo zaluso pamodzi ndi olemba ndemanga za zithunzi: kodi mwa ojambula amoyo m'dzikomo, akatswiri oposa onse ndi ati? Pamwamba pa mndandandawo panali John Marin, gogo wa zaka 77 amene anatchuka ndi utoto wamadzi, womwe uja ana asukulu amanyowetsa ndi burashi n'kumapaka papepala. Patapita zaka ziwiri, pa chionetsero chachikulu cha zaluso cha ku Venice mu 1950, dziko la America linapatsa Marin gawo lakelake m'nyumba yake yoonetsera, pomwe zithunzi za ojambula Jackson Pollock, Willem de Kooning, Arshile Gorky ndi anzawo ena zinagawana malo otsalawo. Lero zinatembenuka. Pollock amam'dziwa ngakhale munthu amene sanapondepo m'nyumba ya zithunzi, koma Marin amangotchulidwa modutsa. Kugwa kumeneku ndi kumene kwakhala kukugawa anthu odziwa za luso la ku America. Ena amati nthawi inaweruza molungama: Marin anali wojambula wabwino ndithu koma wamng'ono, amene anatola nzeru za ku Paris, kuzipaka ndi utoto wopepuka, n'kukwezedwa ndi bwenzi lake lodziwa kutsatsa. Ena amati anaiwalika mosayenera.

Ine ndili ndi gulu lachiwirili, ndipo mfundo yanga ndi yakuti njira imene Marin anayenda pakati pa 1910 ndi 1930 inali yakeyake, anaipeza polimbana ndi madzi, pepala ndi malo amene ankabwererako chaka ndi chaka, ndipo zithunzi zimene zinatulukamo n'zokhwima mokwanira kuima pazokha. Zifukwa zimene zinam'chotsa pamaso pa anthu zilipo, koma zambiri mwa izo n'zokhudza kukula kwa chithunzi ndi mmene nyumba zosungiramo zaluso zimagwirira ntchito. Otsutsa ali ndi mfundo zolemera, zina ndizivomera. Koma tisanazitenge imodziimodzi, tiyenera kuona kaye mmene munthuyu anakulira, chifukwa mkangano wonse wagona pamenepo.

Marin anabadwa mu December 1870 ku Rutherford m'chigawo cha New Jersey. Mayi ake anamwalira iye ali wa masiku ochepa, ndipo analeredwa ndi agogo ndi azakhali akuchikazi ku Weehawken, tsidya lina la mtsinje wa Hudson moyang'anizana ndi New York. Anachedwa kwambiri kuyamba. Anataya zaka zingapo m'maofesi a anthu ojambula mapulani a nyumba, ndipo analowa sukulu ya zaluso ya Pennsylvania Academy of the Fine Arts ku Philadelphia mu 1899 ali ndi zaka 28, msinkhu umene anzake anali atayamba kale kutchuka. Mu 1905 anapita ku Paris. Kumeneko ankadya za zithunzi zozokota pa mkuwa n'kudinda papepala, zoonetsa matchalitchi, milatho ndi timisewu ta ku Paris, Venice ndi Amsterdam, motsanzira kwambiri wojambula wotchuka James McNeill Whistler. Zinali zaudongo, zogulika, ndipo ogula ake anali anthu ofuna chikumbutso cha mizinda yakale ya ku Ulaya. Amene anaonapo anyamata akugulitsa zithunzi za asodzi ndi mabwato kwa alendo ku Cape Maclear kapena ku Senga Bay amaudziwa msampha wa malonda otere: wogula amafuna chimene anaona kale kwa mnzake, ndipo wojambula wofuna kugona atadya amangobwereza chomwecho. Marin akanafa mu 1908, palibe amene akanam'kumbuka, ndipo pakanakhala palibe chodandaula.

Kusintha kunayamba kuonekera mu 1910, pamene anakajambula mapiri a Tyrol ku Austria. M'zithunzi zimenezo nkhungu ndi chipale chofewa sanazipake utoto woyera, anangosiya pepala losakhudzidwa, phirilo n'kumaoneka ndi mikwingwirima yochepa ya buluu ndi yobiriwira. Atabwerera kwawo anapeza New York ikukwera m'mwamba. Nyumba ya Woolworth, imene inatsegulidwa mu 1913 ndipo inali yaitali kuposa nyumba zonse padziko pa mamita 241, anaijambula mobwerezabwereza. Amene angaike zithunzizo motsatana, monga zimene zili ku National Gallery of Art ku Washington, aona nyumbayo ikuyamba ili chilili, kenako ikupendekeka, kenako ikugwedezeka pamodzi ndi mitengo ndi msewu mpaka kutsala mizere yothamanga. Zina mwa izo zinaonetsedwa pa Armory Show, chionetsero chachikulu cha zaluso ku New York, mu 1913. Chaka chomwecho Marin analemba mawu ofotokoza cholinga chake, ndipo mfundo yake inali yakuti mzinda wonse ndi wamoyo, nyumba zazikulu zimakoka zazing'ono, zinthu zimakankhana ndi kukokana, ndipo ntchito ya wojambula ndi kugwira nkhondo yonseyo kuti ikhazikike mkati mwa malire a chithunzi. Mu 1914 anapita koyamba ku chigawo cha Maine, kugombe la matanthwe, paini ndi tizilumba, ndipo kuyambira pamenepo moyo wake unagawika pawiri: nyengo yozizira ku New Jersey ndi New York, nyengo yotentha nthawi zambiri kunyanja, poyamba ku Casco Bay, kenako ku Stonington pa Deer Isle, pomaliza ku Cape Split kuyambira 1933.

Tsono mfundo yoyamba ya otsutsa ndi yakuti zonsezi n'zobwereka. Amati wojambula wa ku France Robert Delaunay anali atajambula kale nsanja ya Eiffel ya ku Paris ikuthyokathyoka ndi kupendekeka, ndiye Woolworth wa Marin ndi Eiffel wovala zovala za ku America. Amakumbutsa kuti chionetsero chachikulu cha wojambula wa ku France Paul Cézanne chinachitika ku Paris mu 1907 Marin ali ku Ulaya, kuti zithunzi za utoto wamadzi za Cézanne yemweyo zinaonetsedwa mu 1911 m'nyumba yoonetsera zithunzi yotchedwa 291 ku New York, momwe Marin ankaonetsera zake, kuti Picasso anaonetsedwa momwemo chaka chomwecho, ndiponso kuti nkhani ya ojambula a Futurism a ku Italy, okonda liwiro ndi phokoso la mzinda, inali m'manyuzipepala mu 1912. Amawonjeza kuti Marin mwiniwake sankathandiza kukhulupirika kwake. Ankakonda kunena ngati kuti ku Paris ankangosewera biliyadi n'kumadinda tizithunzi take, osaona zatsopanozo. Palinso tizithunzi ta utoto wamafuta pafupifupi 100 ta ku Weehawken timene iye ankati anajambula cha m'ma 1903 ndi 1904, pomwe akatswiri ambiri amaona kuti ndi ta zaka za pambuyo pake, atabwerako ku Ulaya.

Pano ndivomere msanga: Marin anaona, ndipo anatenga. Kukana kwake kunali kunyada kwa munthu wosafuna kutchedwa wophunzira wa wina. Mwana wa ng'ona sakulira dziwe limodzi, ndipo Picasso mwiniyo anatenga kwa Cézanne ndi kwa osema a ku Africa popanda wina kum'lipitsa. Funso lenileni ndi lakuti zimene anatengazo anachita nazo chiyani. Apa pali zinthu ziwiri zimene otsutsa amazilumpha. Choyamba, Marin anakhala ku Ulaya zaka zisanu, mkati mwenimweni mwa chipwirikiti cha kajambulidwe katsopano, koma dzanja lake silinasinthe kwenikweni. Linasinthiratu ataima pansi pa nyumba zosanja za kwawo. Wongotsanzira amatsanzira pomwe waonera, sadikira kuti awoloke nyanja. Chachiwiri, Cubism, kajambulidwe kothyola maonekedwe a zinthu ka Picasso ndi mnzake Georges Braque, ya zaka za 1910 mpaka 1912 inali ya m'nyumba: mabotolo, magitala, matebulo, anthu okhala pampando, zonse za mtundu wotuwa ndi wofiirira, zosasuntha, zoganiziridwa kwa masabata. Marin anatenga mizere yothyoka ija n'kupita nayo panja, kumene chinthu chojambulidwacho sichidikira. Funde limene waliona posunsa burashi m'madzi lapita kale pamene burashiyo ikufika papepala. Vuto lake linali lakuti kodi chinthu chosakhazikika chingagwidwe bwanji popanda kuchipha, ndipo vuto limeneli sanalipeze ku Paris.

Yankho lake likuoneka bwino m'chithunzi cha Maine Islands cha 1922, chimene chili ku Phillips Collection ku Washington. Tizilumba tili chapatali, topakidwa mopepuka ngati tikufuna kusungunuka m'madzi. Kuti chithunzicho chisamwazike, Marin anakoka mizere yolimba yopingasa m'mbali ndi pamwamba, ngati felemu ina mkati mwa felemu, moti diso limakakamizika kudutsa pakati n'kukafika kutizilumbato. Amene anagwirapo ntchito ya mapulani a nyumba amadziwa kuti denga lopepuka limafuna mizati, ndipo zaka zimene zinkaoneka ngati zotayika m'maofesi aja zinabweza phindu pano. Njira yotsekera chithunzi ndi mizere yotereyi inakhala chizindikiro chake m'zaka za m'ma 1920, ndipo pambuyo pake anayamba kupanga yekha mafelemu a matabwa n'kumawapaka utoto kuti agwirizane ndi zomwe zili mkati.

Mfundo yachiwiri ndi imene imandisowetsa mtendere kwambiri, chifukwa kawirikawiri siinenedwa poyera, imangoganiziridwa. Ndi yakuti utoto wamadzi ndi wa masewera, wa ophunzira, wa anthu opuma pantchito, wojambulira chithunzi choyeserera pokonzekera ntchito yeniyeni ya utoto wamafuta pansalu. Ochirikiza maganizowa ali ndi umboni wooneka wamphamvu: Marin mwiniwake, kuyambira cha m'ma 1930, anayamba kuthera nthawi yochuluka pa utoto wamafuta. Amati ngati mwini luso anaona kuti madzi sakukwanira, ife ndife ndani kuti tiwaikire kumbuyo?

Kuti tiyankhe, tiyenera kuyang'ana mmene mautoto awiriwa amagwirira ntchito. Utoto wamafuta umauma pang'onopang'ono ndipo umaphimba. Ukalakwitsa umapala kapena kupakapo wina, ndipo mawa ukhoza kusintha maganizo. Utoto wamadzi umaonekera mkati, kuwala kwake kumachokera ku pepala lomwe lili pansi, ndipo umauma m'mphindi zochepa. Malo amene akufunika kuwala kwambiri, monga thovu la funde, uyenera kuwadziwiratu usanayambe n'kuwazungulira, chifukwa ukangowapaka, kuyera kwake sikubweranso monga kunalili. Ukapaka kawiri katatu pamalo amodzi mitundu imasanduka matope. Choncho wojambula amayenera kuganiza zonse asanakhudze pepala, kenako n'kuchita mwaliwiro ngati sanaganize. Izi si zopepuka kuposa mafuta, ndi zovuta mwa mtundu wina. Ndipo Marin sanagwiritse ntchito utotowu mwaulemu monga ankaphunzitsira m'sukulu. Ankaupukuta ndi kansanza, kuupala, kuufafaniza ndi zala, kukoka burashi youma papepala lokhakhala kuti pakhale timadontho toyera ngati kunyezimira kwa madzi, n'kulembapo ndi makala kapena pensulo. M'chithunzi cha Lower Manhattan cha 1922, chimene chili ku Museum of Modern Art ku New York, mzinda ukuoneka kuchokera pamwamba pa Woolworth, misewu ndi nyumba zikuthawira mbali zonse, ndipo chapansi pake anasokererapo ndi ulusi kapepala kodulidwa kooneka ngati dzuwa. Munthu wosoka pepala ndi ulusi pa chithunzi chake sakuyeserera ntchito ina ya mawa. Chionetsero cha Art Institute of Chicago cha 2011, chimene chinaunika mapepala ake mwakuya, chinaonetsa kuti zambiri zooneka ngati zangozi zinali zokonzedwa ndi kubwerezedwa mosamala.

Nanga za kusamukira ku mafuta? Choyamba, sanausiye utoto wamadzi, anaugwiritsa ntchito mpaka chaka chimene anamwalira. Chachiwiri, tikayang'ana zimene anachita ndi mafutawo, makamaka m'zaka zake zomaliza, tipeza kuti ankawasungunula kuti apyapyale, ankasiya nsalu yosapakidwa m'malo ambiri, ndipo ankakoka mizere yakuda yopyapyala pamwamba. Kunena kwina, anakakamiza mafuta kuti azichita zimene madzi anam'phunzitsa. Ngati pali mphunzitsi ndi wophunzira pakati pa mautoto awiriwa m'moyo wa Marin, mphunzitsi anali madzi. Chifukwa chomveka chimene anafunira mafuta n'chakuti ku Cape Split nyanja inali pakhomo penipeni, yolemera ndi yaukali, ndipo utoto wokhuthala umatha kusonyeza kulemera kwa funde mosavuta. Tiwonjezere kuti ku America utoto wamadzi sunali wachilendo kwa akatswiri. Winslow Homer, amene anamwalira mu 1910 ndipo nayenso ankakhala kugombe la Maine, anajambula nawo zina mwa zithunzi zake zotamandika kwambiri, ndipo mu 1909 Brooklyn Museum inagula zithunzi 83 za utoto wamadzi za John Singer Sargent nthawi imodzi. Chatsopano chimene Marin anabweretsa ndi kusonyeza kuti utotowu ungasenze kajambulidwe kothyola maonekedwe a zinthu, kamene ambiri ankayesa kuti n'kotheka ndi mafuta okha.

Mfundo yachitatu ikukhudza Alfred Stieglitz, wojambula ndi kamera amene anali mwini wa 291. Marin anadziwana naye kudzera mwa wojambula ndi kamera wina, Edward Steichen, anaonetsa zithunzi zake ku 291 koyamba mu 1909 pamodzi ndi Alfred Maurer, ndipo chionetsero chake yekha chinachitika mu 1910 ali ndi zaka 39. Kuyambira apo mpaka Stieglitz atamwalira mu 1946, iye ankaonetsa ntchito za Marin pafupifupi chaka chilichonse, ku 291, kenako ku Intimate Gallery, kenako ku An American Place. Ankam'pezera ogula, ankaika mitengo, ankayendetsa za ndalama zake, ndipo ankauza aliyense wolowa pakhomo kuti uyu ndiye wojambula weniweni wa America. Otsutsa amati mbiri ya Marin inali ntchito ya pakamwa pa Stieglitz, ndipo pakamwapo patatsekeka mbiriyo inazilala. Mfundoyi ili ndi choonadi chake. Popanda Stieglitz, Marin mwina akanapitiriza kudinda matchalitchi a ku Ulaya, chifukwa munthu wa banja safufuza njira zatsopano ngati sakudziwa komwe lendi ichokere. Zimene Stieglitz anam'patsa ndi mtendere woti alephere, ayeserenso, osaopa kuti wogula akana.

Komabe mfundoyi ikaunikidwa imagwa m'malo awiri. Stieglitz sankalengeza Marin yekha. Ankalengezanso ojambula anzake Arthur Dove ndi Marsden Hartley ndi mphamvu yomweyo, koma Dove anakhala moyo wake wonse akuvutika ndi ndalama, ndipo Hartley mu 1935 anawononga ntchito zake pafupifupi 100 chifukwa cholephera kulipira malo osungira. Ngati pakamwa pa Stieglitz pakanakhala pokwanira kupanga munthu kukhala woyamba m'dziko, awiriwa sakanafika pamenepo. Malo achiwiri ndi a nthawi. Chionetsero chachikulu cha Marin ku Museum of Modern Art chinachitika mu 1936 Stieglitz akadali moyo, inde, koma mavoti a Look anabwera mu 1948 ndipo Venice mu 1950, Stieglitz ali m'manda. Chaka chomwecho cha 1948 Clement Greenberg, wolemba ndemanga amene anakweza Pollock ndipo sankakondera gulu la Stieglitz (anali atanyoza zithunzi za Georgia O'Keeffe, mkazi wa Stieglitz, zaka ziwiri m'mbuyomo), analemba kuti pofunsa za wojambula wamoyo woposa onse ku America, Marin sangasiyidwe kunja. Mdani wa banja akayamika mmodzi wa m'banjamo, mawu ake amalemera. Chimene ndingaimbe nacho mlandu Stieglitz n'china: anamangirira dzina la Marin ku nkhani ya kukonda dziko, ngati kuti ubwino wa zithunzizo unali wakuti ndi za ku America. Nkhondo yachiwiri ya padziko lonse itatha, New York itakhala likulu la zaluso ndipo anthu ake atasiya kudzikayikira, nkhani yoteroyo inayamba kumveka yachikale, ndipo inamira limodzi ndi munthu amene inam'nyamula.

Palinso amene amati Marin atapeza njira yake anangoibwereza. Awa sindilimbana nawo kwambiri. Anajambula zithunzi zochuluka zedi, ndipo zilipo za m'ma 1930 momwe mizere yotsekera ija ikuoneka kuti yaikidwa mwachizolowezi, pamalo pamene chithunzi chikanaima chokha. Koma yeso la chizolowezi ndi kuona chimene chimachitika malo akasintha. Mu 1929 ndi 1930 Marin anakakhala nyengo yotentha ku Taos m'chigawo cha New Mexico, atalandiridwa ndi mayi wothandiza anthu aluso, Mabel Dodge Luhan, ndipo anajambulako zithunzi pafupifupi 100. Kumeneko kunalibe mafunde kapena nyumba zosanja, kunali chigwa chouma, mapiri akutali ndi thambo lalikulu. Mu Storm over Taos cha 1930 mizere yothyokathyoka ya ku New York yachepa, nthaka yagona phee, ndipo mphamvu yonse yasamukira kumitambo ndi mvula yogwa chapatali. Munthu wogwidwa ndi chizolowezi akanajambula New Mexico ngati Maine.

Ngati mfundo zinayizi sizikukwanira kufotokoza kuiwalika kwake, ndiye chinachitika n'chiyani? Yankho langa n'losasangalatsa chifukwa n'lopanda ndakatulo. Utoto wamadzi umasuluka ndi kuwala, monga imachitira nsalu ya chitenje yoiwalika padzuwa, ndipo pepala limachita chikasu. Pachifukwa chimenechi osamalira zithunzi amalola kuti zoterezi zionetsedwe miyezi yochepa chabe, m'chipinda cha kuwala kochepa, kenako zimabwerera m'mabokosi kwa zaka. Chithunzi cha mafuta chimatha kukhala pakhoma chaka ndi chaka. Zotsatira zake n'zakuti mlendo wolowa mu Museum of Modern Art amakhala ndi mwayi waukulu wopeza One: Number 31, 1950 cha Pollock, chotambalala mamita opitirira 5, chitadzaza khoma lonse, pomwe Lower Manhattan, chosafika ngakhale masentimita 70, chikhoza kukhala m'bokosi. Mbadwo umodzi wa ophunzira ukakula ukuona wina tsiku lililonse ndipo wina mwa apo ndi apo, mabuku amene mbadwowo udzalemba amadziwika kale. Kukula kwa chithunzi nakonso kunasanduka muyeso wa ulemerero pambuyo pa 1950, pamene nyumba zoonetsera zinayamba kumangidwa ndi makoma aakulu oyera omwe kapepala kakang'ono kamasoweramo. Ngakhale intaneti siikonza zimenezi. Pafoni chithunzi cha Marin chimataya chimene chimachipanga kukhala chamoyo, ndiko kukhakhala kwa pepala, malo opalidwa ndi malire a madzi pomwe anaumira.

Wina anganene kuti Homer nayenso ankajambula ndi madzi koma sanaiwalike. N'zoona, koma Homer ali ndi zithunzi zazikulu za mafuta zimene zimakhala pakhoma nthawi zonse n'kumasunga dzina lake pamene zamadzizo zikupuma. Marin ntchito yake yabwino koposa ili papepala, ndipo zamafuta zimene zingathe kum'imira pakhoma si zonse zimene zimafika pa msinkhu wa mapepalawo. Anaika chuma chake chonse m'chinthu chimene sichiloledwa kuonedwa kawirikawiri. Mapepalawo alipo ndithu: O'Keeffe atagawa zithunzi za malemu mwamuna wake Stieglitz mu 1949, ambiri anapita ku Metropolitan Museum ku New York ndi ku Art Institute of Chicago, ndipo Colby College ku Maine ilinso ndi ntchito zake zambiri. Koma kukhalapo m'kabati ndi kukhalapo m'maso mwa anthu n'zosiyana.

Ndisanatseke ndiyenera kutsutsanso anzanga a mbali yanga, chifukwa njira imene ambiri amam'tetezera Marin imam'pweteka. Amakonda kunena kuti iye ndiye anatsegulira njira Pollock ndi de Kooning, n'kumaloza mizere yothamanga ya zithunzi zake za m'ma 1940 ndi 1950 ngati umboni. Cholinga chawo n'chabwino, ndipo kufanana kwina kulipo. Koma chitetezo chotere chimavomereza kale kuti muyeso ndi Pollock, ndipo Marin ndi wofunika pokhapokha ngati akuloza kwa wina wamkulu. Chimabisanso kusiyana kwenikweni. Pollock anafika posiya kujambula chinthu chooneka ndi maso, utoto wokha n'kukhala nkhani. Marin njira imeneyo ankaidziwa ndipo anaikana. Ngakhale m'zithunzi zake zothyoka kwambiri muli bwato, thanthwe, mlatho kapena mtengo wa paini umene munthu angauloze ndi chala, ndipo mayina a zithunzi zake zambiri amatchula malo ndi zinthu zimene anaziyang'ana. Mpaka pamene anamwalira ku Cape Split mu October 1953 ali ndi zaka 82, ankakhulupirira kuti chithunzi chiyenera kuyankha kwa mabwana awiri nthawi imodzi, nyanja yomwe ili panja ndi pepala lomwe lili patebulo, ndipo kuti kumvera mmodzi yekha ndi kuthawa ntchito. Munthu akhoza kutsutsa chikhulupiriro chimenecho n'kunena kuti Pollock ndiye anasankha bwino. Koma ameneyo akutsutsana ndi munthu amene anasankha njira ina mwadala, ndipo ayenera kubwera ndi zifukwa zosonyeza kuti Maine Islands kapena Storm over Taos zikanakhala bwino tizilumba ndi mapiri atachotsedwamo.